Kukhazikika kwa gridi ya magetsi pakagwa vuto ladzidzidzi ku Mulanje

Kukhazikika kwa gridi ya magetsi pakagwa vuto ladzidzidzi ndi kutha kwa majenereta onse olumikizidwa pa gridi imodzi kupitiriza kuzungulira mogwirizana pambuyo poti mphezi yamenya nthambo, mtengo wagwera pamawaya, kapena makina aakulu aima mwadzidzidzi. M'Chingerezi akatswiri amati transient stability. Zonse zimachitika m'kanthawi kochepa: pakamatha masekondi atatu mpaka asanu zimakhala zadziwika kale ngati gridi yapirira kapena ikugwa. Kuyeza kukhazikikaku potengera chiopsezo ndi njira yophatikiza mafunso awiri: vutolo lingagwe kangati, ndipo likagwa lingawononge zochuluka bwanji.

Boma la Mulanje, kum'mwera kwa Malawi, ndi limodzi mwa madera omwe nkhaniyi imaonekera bwino. Lili ndi masiteshoni ang'onoang'ono opangira magetsi ndi madzi a m'phiri, mafakitale a tiyi odalira mamota, mvula yambiri ya mphezi, komanso lili chakumapeto kwa gridi ya dziko, kumalire ndi Mozambique.

Mmene majenereta amayendera limodzi

Magetsi a pa gridi ya Malawi amapita ndi kubwerera maulendo 50 pa sekondi, zomwe zimalembedwa kuti 50 Hz. Ulendo umodzi umatenga mamilisekondi 20. Kuti zimenezi zitheke, jenereta iliyonse yolumikizidwa mwachindunji pa gridi iyenera kuzungulira pa liwiro logwirizana ndi 50 Hz. Liwirolo limadalira kuchuluka kwa nsonga za maginito zomwe zili m'kati mwake: ya nsonga ziwiri imazungulira maulendo 3,000 pa mphindi, ya nsonga 12 imazungulira maulendo 500. Liwiro limasiyana, koma kugunda kwa magetsi otuluka kumakhala kumodzi.

Zimafanana ndi amayi atatu osinja mumtondo umodzi. Aliyense ali ndi munsi wake ndi mphamvu zake, koma onse amatsata kugunda kumodzi. Mmodzi akachedwa pang'ono amatha kubwerera mumzere. Akachedwa kwambiri minsi imawombana ndipo onse amaima.

Pa jenereta pamalimbana mphamvu ziwiri. Madzi amakankha turbine kuti izungulire, ndipo magetsi omwe anthu akugwiritsa ntchito amaibweza ngati mabuleki. Ziwirizi zikafanana liwiro silisintha. Jenereta yomwe ikutumiza magetsi imakhala patsogolo pang'ono pa gridi, ndipo kutsogolaku kumayezedwa m'madigiri. Madigiri akamachuluka, mphamvu yodutsa pa nthambo imachulukanso, mpaka pafupifupi madigiri 90. Kupitirira apo imayamba kuchepa. Nthambo ikakhala yaitali ndi yamavoti otsika, mphamvu yomwe ingadutsepo imachepa, ndipo jenereta imayenera kutsogola kwambiri kuti itumize magetsi omwewo. Ichi n'chifukwa chake siteshoni ya kutali, yodalira nthambo imodzi, imakhala pafupi ndi malire ake kuposa ya pakati pa gridi.

Zomwe zimachitika vuto likagwa

Shoti ikachitika pafupi ndi siteshoni, mavoti amatsika ndipo jenereta imalephera kutulutsa mphamvu yake yonse. Madzi nawo sangatsekedwe m'kanthawi kotere, choncho amapitiriza kukankha turbine ndi mphamvu yomweyo. Mabuleki aja atachepa, jenereta imayamba kuthamanga ndipo madigiri ake amakwera.

Zida zoteteza zimagwira ntchito pamenepa. Relay imazindikira vutolo n'kulamula breaker kuti idule nthambo yovutayo. Pa nthambo zikuluzikulu izi zimatenga pafupifupi mamilisekondi 100, koma pa nthambo zogawira magetsi m'madera zimatha kutenga nthawi yotalikirapo. Vuto likachotsedwa, jenereta imayambanso kutumiza mphamvu ndipo imabwezedwa. Ngati nthambo zotsala zili zokwanira kumeza mphamvu yomwe inasonkhana pothamanga paja, jenereta imagwedezeka kangapo kenaka n'kukhazikika. Ngati sizokwanira, imachoka mumzere ndipo zida zake zimaichotsa pa gridi kuti isawonongeke.

Nthawi yaitali kwambiri yomwe vuto lingakhale jenereta osachoka mumzere imatchedwa critical clearing time. Imadalira zinthu zingapo: kulemera kwa zitsulo zozungulira, kuchuluka kwa magetsi omwe jeneretayo imatulutsa vuto lisanagwe, mtundu wa vuto, malo omwe lagwera, ndi mphamvu ya nthambo zotsala. Makina olemera amachedwa kuthamanga, motero amapereka mpata. Makina ang'onoang'ono opepuka amathamanga msanga.

Jenereta imodzi ikachoka, zinzake zimasenza katundu wake. Zikalephera, kugunda kwa magetsi kumatsika pansi pa 50 Hz, makina ena amadzichotsa nawo, ndipo dera lalikulu kapena dziko lonse limatha kukhala mumdima. Uku n'kosiyana ndi kuzimitsa magetsi mosinthanasinthana komwe kumachitika mwadala magetsi akaperewera. Kuzimitsa mwadala kumakonzedwa ndi anthu ndipo kumakhala ndi ndondomeko. Kugwa kwa gridi kumachitika kokha, munthu asanakhudze batani lililonse.

Njira ziwiri zoyezera

Njira yakale imasankha mavuto angapo oopsa kwambiri n'kuyesa pa kompyuta ngati gridi ingapirire lililonse mwa iwo. Lamulo lodziwika bwino ndi la N-1, lomwe limati gridi iyenera kupitiriza kugwira ntchito chida chimodzi chilichonse chikatayika, kaya ndi nthambo, thiransifoma kapena jenereta. Yankho lake limakhala lachidule: yapirira kapena yalephera. Ubwino wake ndi woti njirayi ndi yosavuta kuimva ndi kuilemba m'malamulo. Kufooka kwake n'koti imaika mavuto onse pamlingo umodzi, ngakhale ena amagwa sabata ndi sabata m'dzinja pomwe ena sangagwe ngakhale kamodzi pa moyo wonse wa nthambo.

Zolembedwa za magridi ambiri zimaonetsa kuti mashoti ochuluka amakhudza waya mmodzi yekha ndi nthaka, ndipo shoti ya mawaya onse atatu, yomwe ndi yoopsa kwambiri, imachitika mwa apo ndi apo. Ambirinso mwa mavuto a nthambo za m'mwamba ndi akanthawi: mphezi ikadutsa kapena nthambi ikagwa pansi, nthambo imatha kuyatsidwanso.

Njira yoyeza chiopsezo inakula kuchokera pa mfundo zimenezi. Roy Billinton wa ku yunivesite ya Saskatchewan ku Canada ndi anzake anayamba kufalitsa ntchito yoyeza kukhazikikaku ndi masamu a kuthekera cha m'ma 1980, ndipo m'zaka za m'ma 1990 ofufuza a ku Iowa State University ku America anaikulitsa poikamo mtengo wa zowonongeka. Mfundo yake ndi yoti chiopsezo ndi kuthekera kwa vuto kuchulukitsa ndi kukula kwa zotsatira zake.

Ntchitoyi imayenda motere. Poyamba amasonkhanitsa mbiri ya mavuto a nthambo iliyonse: kuchuluka kwake pachaka, mtundu wake, malo ndi nyengo. Kenaka amaika gridi yonse mu kompyuta, ndi makhalidwe a jenereta iliyonse ndi zida zake zoteteza. Kompyuta imayesa mavuto masauzande osankhidwa mwamaere motsata mbiri ija, njira yomwe imatchedwa Monte Carlo. Pa vuto lililonse imaona ngati majenereta akhazikika, ndipo ngati alephera imawerengera magetsi otayika ndi nthawi yobwezeretsa. Pomaliza mavuto amasanjidwa kuyambira la chiopsezo chachikulu.

Chitsanzo chongoyerekezera chingathandize. Tinene kuti vuto loyamba limagwa kamodzi pa zaka 20, koma likagwa limazimitsa mamegawati 200 kwa maola asanu. Limeneli limataya mamegawati-ola 1,000 nthawi imodzi, kapena 50 pachaka tikagawa. Vuto lachiwiri limagwa kakhumi pachaka n'kuzimitsa mamegawati anayi kwa maola awiri, zomwe ndi mamegawati-ola 80 pachaka. Njira yakale ikanayang'ana loyamba lokha, pomwe masamu a chiopsezo akuonetsa kuti lachiwiri likudya zambiri pang'onopang'ono.

Gridi ya Malawi

Magetsi ambiri a Malawi amachokera pa mtsinje umodzi, wa Shire. Siteshoni yoyamba ya Nkula A inatsegulidwa mu 1966 ndi mamegawati 24, kenaka panabwera Tedzani, Nkula B ya mamegawati 100, ndi Kapichira m'boma la Chikwawa, yomwe gawo lake loyamba linayamba ntchito mu 2000. Kapichira ili ndi makina anayi a mamegawati 32.4, onse pamodzi 129.6. Kunja kwa Shire kuli siteshoni yaing'ono ya Wovwe ku Karonga, ya mamegawati osafika asanu. Kuyambira mu 2017 masiteshoniwa amayendetsedwa ndi kampani ya EGENCO, pomwe ESCOM inatsala ndi ntchito yotumiza ndi kugawa magetsi komanso kuyendetsa gridi. Bungwe la MERA ndi lomwe limapereka ziphaso ndi kuyang'anira malamulo.

Masiteshoni a madzi a EGENCO onse pamodzi ali ndi mamegawati pafupifupi 390. Izi zikutanthauza kuti makina amodzi okha a ku Kapichira ndi gawo limodzi mwa magawo 12 a mphamvu yonseyo. Pa gridi yaikulu ngati ya South Africa kutayika kwa mamegawati 32 sikungamveke, koma pa gridi ya Malawi n'kugwedeza kwenikweni.

Kwa zaka zambiri Malawi anali mmodzi mwa mamembala ochepa a Southern African Power Pool, bungwe lomwe linakhazikitsidwa mu 1995, opanda nthambo yaikulu yolumikiza ndi anzawo. Gridi yoima payokha ilibe mnansi woigwiriza ikagwedezeka. Nthambo ya 400 kV ya pakati pa Matambo m'chigawo cha Tete ku Mozambique ndi Phombeya m'boma la Balaka, ya makilomita pafupifupi 218, inakonzedwa kuti ithetse kudzipatulaku. M'kati mwa dziko, nthambo ya 400 kV yochokera ku Phombeya kukafika ku Nkhoma inamalizidwa mu 2018 ndi thandizo la Millennium Challenge Corporation ya ku America.

Magetsi a dzuwa nawo asintha makhalidwe a gridi. Siteshoni ya ku Salima ya mamegawati 60 inayamba mu 2021, ndipo ya ku Golomoti m'boma la Dedza, ya mamegawati 20 yokhala ndi mabatire, inayamba mu 2022. Mapanelo a sola alibe zitsulo zozungulira, choncho masana dzuwa likamapereka gawo lalikulu la magetsi, kulemera komwe kumachedwetsa gridi kugwedezeka kumachepa. Mabatire amatha kuthandiza chifukwa amayankha mwachangu kwambiri, malinga ngati zida zake zakonzedwera ntchito imeneyo.

Magetsi a ku Mulanje

Phiri la Mulanje, lomwe nsonga yake ya Sapitwa ndi yotalika mamita 3,002, ndi gwero la mitsinje yotsetsereka monga Ruo, Lichenya, Likhubula ndi Muloza. Madzi ogwa kuchokera pamwamba chotere ndi oyenera makina ang'onoang'ono, ndipo minda ina ya tiyi inayamba kudzipangira magetsi ake kalekale, gridi ya dziko isanafike.

Siteshoni ya Ruo-Ndiza, ya kampani ya Mulanje Hydro, ili ndi mamegawati pafupifupi asanu ndi atatu ndipo imagulitsa magetsi ku ESCOM. Imagwiritsa ntchito madzi oyenda, popanda damu lalikulu losungira, motero imapanga magetsi ambiri m'dzinja ndi ochepa m'chilimwe. Ubwino wake kwa dera ndi woti imakweza mavoti kumapeto kwa nthambo ndipo imachepetsa magetsi oyenera kuchokera kutali ku Shire. Koma makina a msinkhu wotere amakumana ndi mavuto atatu odziwika. Ndi opepuka, choncho nthawi yawo yopirira shoti ndi yochepa. Amalumikizidwa pa nthambo za m'madera, zomwe zida zake zoteteza zinapangidwa poganiza kuti magetsi amayenda mbali imodzi yokha. Ndipo nthambo yopita ku gridi ikaduka, makinawo amatha kutsala okha ndi makasitomala apafupi ngati kachilumba. Breaker ikadzitsekanso yokha pamene kachilumbako kachoka kale mumzere, kugundana kwake kumatha kuwononga shafiti ndi mawaya a m'kati mwa jenereta. Pachifukwa ichi masiteshoni otere amakhala ndi zida zowachotsa msanga gridi ikasowa.

Kudera la Bondo, pa mtsinje wa Lichenya, kuli gridi yaing'ono yoima payokha ya Mulanje Electricity Generation Agency, yodziwika kuti MEGA, yomwe imapereka magetsi m'midzi yomwe gridi ya dziko inali isanafike. Mphamvu yake imawerengedwa m'makilowati. Pa gridi yotere nkhani si kugwirizana ndi majenereta a ku Shire, koma kusunga 50 Hz ndi mavoti katundu akasintha mwadzidzidzi. Mota ya chigayo ikamayaka imakoka magetsi ochuluka kasanu kapena kupitirira kuposa ikamayenda, ndipo pa gridi yaing'ono zimenezi zokha zimatha kuphethiritsa mababu mudzi wonse. Masiteshoni ambiri a mtunduwu amagwiritsa ntchito chida chomwe chimataya magetsi otsala m'zotenthetsera, kuti jenereta izimva katundu wofanana nthawi zonse.

Nyengo ndi kukula kwa chiopsezo

Chiopsezo ku Mulanje sichikhala chofanana chaka chonse. Mbali ya kum'mwera ndi kum'mawa kwa phiri ndi ena mwa malo a mvula yambiri m'Malawi, ndipo mvula ya mabingu imagwa kwambiri kuyambira Novembala mpaka Epulo. Nthambo zimadutsa m'minda ya tiyi ndi m'mbali mwa mitengo italiitali ya bulugamu. Miyezi yomweyi ndi yomwe mitsinje imadzaza ndipo majenereta amatulutsa mphamvu yawo yonse, kutanthauza kuti amakhala pafupi ndi malire awo. Ndi nthawi yomweyonso yomwe tiyi amathyoledwa kwambiri. Masamba othyoledwa amayenera kufotetsedwa, kudulidwa ndi kuumitsidwa pasanapite nthawi yaitali, ndipo magetsi akathima pakati pa ntchito, tiyi amatsika mtengo kapena kutayika. Choncho kuthekera kwa vuto, kufooka kwa makina ndi kukula kwa zotayika zimakwera pamodzi m'nyengo imodzi. Njira yoyeza ndi chiwerengero chimodzi cha chaka chonse singaone zimenezi.

Anamondwe amawonjezera vuto lina: amagwetsa zida zambiri nthawi imodzi, zomwe lamulo la N-1 siliganizira. Mu Januwale 2022 namondwe Ana anawononga damu la Kapichira ndipo mamegawati 129.6, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a magetsi a madzi a dziko, anatayika mpaka mu 2023. Mu Malichi 2023 namondwe Freddy anakantha chigawo cha kum'mwera, ndipo Mulanje ndi Phalombe anali ena mwa maboma okhudzidwa kwambiri ndi kusefukira kwa madzi ndi kugumuka kwa nthaka. Misewu, milatho ndi mapolo a magetsi zinakokoloka, ndipo zinyalala ndi matope zinachititsa kuti makina a pa Shire aimitsidwe kwa kanthawi. Kuwonongeka kotere pakokha si nkhani ya masekondi, koma kumasiya gridi ili ndi makina ochepa ndi nthambo zochepa kwa miyezi, ndipo shoti yomwe kale ikanadutsa osamveka imatha kugwetsa dera lonse.

Njira zochepetsera chiopsezo

Popeza chiopsezo chili ndi mbali ziwiri, chimachepetsedwanso mbali ziwiri. Kuti mavuto asamagwe pafupipafupi, amadula mitengo m'mbali mwa nthambo, amaika waya woteteza mphezi pamwamba pa nsanja ndi zida zotayira mphezi pansi, amalumikiza bwino mapolo ndi nthaka, ndipo amasuntha mapolo m'malo okokoloka. Kubedwa kwa zitsulo za nsanja, mawaya a kopa ndi mafuta a m'mathiransifoma kumawerengedwanso m'gulu la zoyambitsa mavuto.

Kuti vuto likagwa lisakule, amaika marelay ndi mabreaker othamanga, amakonza zida zowongolera mavoti a jenereta kuti ziziyankha msanga, amamanga nthambo yachiwiri yodzera njira ina, ndipo amaika zida zodula okha makasitomala ena kugunda kwa magetsi kukatsika. Oyendetsa gridi amathanso kusintha kagwiridwe ka ntchito potsata nyengo: Dipatimenti ya Zanyengo ikachenjeza za mvula yamkuntho, angachepetse katundu pa nthambo zoopsezedwa ndi kusiya makina ena ali ndi mpata wowonjezera.

Njira zimenezi zimasiyana mtengo kwambiri. Kudula mitengo ndi kusintha makonzedwe a relay n'kotsika mtengo, pomwe nthambo yatsopano imafuna ndalama zambiri ndi zaka zingapo. Phindu lalikulu la kuyeza chiopsezo m'dziko la ndalama zochepa ndi loti kumaonetsa malo omwe kwacha imodzi ingachotse chiopsezo chochuluka.

Malire a njirayi

Masamu a chiopsezo amadalira zolembedwa zabwino. Ngati mavuto a nthambo salembedwa ndi nthawi, malo ndi choyambitsa chake, kapena ngati makhalidwe enieni a majenereta akale sanayezedwe, zotsatira za kompyuta zimasocheretsa. Mbiri yakale imalepheranso kulosera bwino nyengo ikamasintha: anamondwe awiri aakulu m'miyezi 14 ndi chinthu chomwe zolembedwa za zaka zam'mbuyo sizikanaonetsa.

Vuto lina ndi loti kugawa zotayika pa zaka zambiri kumachepetsa mavuto osowa koma aakulu. Pa 14 Ogasiti 2003 anthu pafupifupi 50 miliyoni ku America ndi Canada anakhala mumdima nthambo zitakhudza mitengo ku Ohio ndipo vuto litafalikira. Pa 31 Julayi 2012 kugwa kwa gridi ku India kunakhudza anthu oposa 600 miliyoni. Pa 28 Seputembala 2016 mphepo yamkuntho inagwetsa nsanja ku South Australia ndipo dera lonselo linathima. Zonsezi zinali zinthu zooneka ngati zosayembekezeka zisanachitike.

Palinso zotayika zomwe sizilowa bwino m'masamu. Mamegawati-ola otayika kufakitale ndi otayika kuchipatala chomwe chikuchita opaleshoni kapena kusunga katemera mufiriji amawerengedwa mofanana, pokhapokha ngati owerengera asankha kuwapatsa kulemera kosiyana. Chifukwa cha zimenezi, magridi ambiri sasiya lamulo la N-1, koma amalisunga ngati malire apansi, n'kugwiritsa ntchito masamu a chiopsezo posankha ntchito yoyamba kugwira ndi nthawi yoyenera kusamala kwambiri.